Angelo obwereka a Mfumu Jahangir

Chithunzicho n'chaching'ono, masentimita pafupifupi 25 m'litali ndi 18 m'lifupi, koma muli anthu ndi zinthu zochokera kutali ndi kutali, moti umadabwa kuti zinakumana bwanji pa pepala limodzi. Anachijambula mmisiri wotchedwa Bichitr pakati pa 1615 ndi 1618, ndipo lero chimasungidwa ku Freer Gallery mumzinda wa Washington. Ndimakonda kuchiyang'ana modekha, kuyambira pamwamba kutsika pansi, chifukwa ndi momwe ulemu wa anthu ali mmenemo ukutsikira.

Mwini chithunzi ndi Jahangir, mfumu ya a Mughal, amene analamulira mbali yaikulu ya India kuyambira 1605 mpaka 1627. Mpando wake ndi wachilendo. Wakhala pamwamba pa chida choyezera nthawi, chija cha magalasi awiri olumikizana pakhosi, chomwe mchenga umatsika pang'onopang'ono kuchoka m'galasi la pamwamba kulowa m'la pansi. Kumbuyo kwa mutu wake kuli dzuwa lalikulu lagolide, ndipo m'munsi mwa dzuwalo mwakumbatira mwezi wongooneka kumene. Patsogolo pake pandanda amuna anayi, wina pansi pa mnzake. Wapamwamba ndi shehe wa ndevu zoyera, ndipo ndiye yekha amene mfumu ikumuyang'ana. Ikumupatsa buku, iye n'kutambasula nsalu yake kuti alilandirire mmenemo, osati ndi manja chabe. Pansi pa shehe pali sultani wa ku Turkey. Pansi pa sultani pali mzungu wa chipewa cha nthenga, James Woyamba, mfumu ya England. Ndipo pakona penipeni, malo a munthu wotsika kuposa onse, Bichitr anadziika yekha, atanyamula kachithunzi kena m'manja.

Ndiye pali tiana ta mapiko. Tiwiri tili pansi, tikulemba pa galasi la mchenga lija mawu ofunira mfumu moyo wa zaka 1,000. Tiwiri tina tili m'mwamba, kena kali ndi uta ndi muvi wothyoka, kena kadziphimba kumaso. Aliyense amene anakulira pafupi ndi tchalitchi cha zithunzi akudziwa tiangelo totere. Ndi ta ku Ulaya, ndipo galasi la mchenga nalonso ndi la komweko. Nkhope ya James anaikopera pa chithunzi chojambulidwa ku England, n'chifukwa chake iye akuyang'ana kwa ife oonerafe, ngati mlendo amene sakudziwa kumene anzake akuyang'ana. Shehe uja ndi woyang'anira manda a Muinuddin Chishti ku Ajmer, malo opatulika a Asilamu. Bichitr anali Mhindu, ndipo anazionetsa yekha pomanga mkanjo wake chakumanzere, monga Ahindu a pabwalo la mfumu ankamangira, pamene Asilamu ankamangira kumanja.

Kusakaniza kotereku kunayamba Bichitr asanagwire burashi. Agogo ake a Jahangir, Humayun, atalandidwa ufumu anathawira ku Persia, ndipo pobwerera kudzatenganso Delhi mu 1555 anali ndi akatswiri awiri a kumeneko, Mir Sayyid Ali ndi Abd al-Samad. Mwana wake Akbar, amene analamulira kuyambira 1556 mpaka 1605, sankatha kuwerenga, koma mabuku ndi zithunzi ankazikonda koopsa. Anasonkhanitsa amisiri oposa 100, ambiri mwa iwo Ahindu monga Basawan ndi Daswanth, n'kuwaika pansi pa aphunzitsi a ku Persia aja. Nthano za Hamza zokha anazijambulira zithunzi pafupifupi 1,400. Mu 1582 analamula kuti Mahabharata, buku lalikulu la Ahindu, limasuliridwe m'chinenero cha ku Persia, ndipo linatuluka ndi zithunzi zake. Nthawi zambiri chithunzi chimodzi chinkadutsa m'manja mwa anthu angapo: wina kulemba mizere, wina kupaka utoto, wina kumaliza nkhope. Pepala ankalimata angapo pamodzi n'kulikwecha ndi mwala wosalala mpaka kuwala. Utoto wabuluu ankasinja kuchokera ku mwala wa ku mapiri a Badakhshan, ndipo maburashi abwino ankawapanga ndi ubweya wa gologolo.

Angelo analowa mu 1580. Chaka chimenecho ansembe atatu a chipani cha maJesuit, Rodolfo Acquaviva, Antonio Monserrate ndi Francisco Henriques, anafika ku Fatehpur Sikri kuchokera ku Goa. Anaitanidwa ndi Akbar mwini wake, amene ankakonda kukhazika pamodzi anthu a zipembedzo zosiyana kuti azitsutsana iye akumvetsera. Anabwera ndi Baibulo lalikulu la zinenero zingapo, lodindidwa ndi Christophe Plantin ku Antwerp, komanso zithunzi za Yesu ndi Maria. Akbar anazilandira ndi ulemu waukulu, ansembe aja n'kuyamba kuona ngati ubatizo wa mfumu uli pafupi.

Chiyembekezo chawo sichinali chopanda maziko. Zaka 20 m'mbuyomo, mnzawo wina wa chipani chomwecho, Gonçalo da Silveira, anachoka ku Goa komweko, n'kukwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete mpaka kwa Mwenemutapa. Nkhani za amishoni zimati nayenso anali ndi chithunzi cha Maria chomwe mfumu ya kumeneko inachita nacho kaso. Mfumuyo inabatizidwa kumayambiriro kwa 1561, koma pasanathe miyezi itatu Silveira anaphedwa. Ku India zinthu zinayenda mosiyana. Palibe anapha ansembe pabwalo la Akbar, ndipo palibenso mfumu inabatizidwa. Zithunzi zokha ndi zomwe zinakhazikika. Jahangir anafika pojambulitsa Yesu, Maria ndi oyera mtima pa makoma a nyumba zake ku Agra ndi ku Lahore, alendo ochokera ku Ulaya n'kumalemba makalata kwawo modabwa.

Ansembewo ankaona Maria wa Mpingo. Msilamu wolowa m'chipindamo ankaona Maryam, mayi wa mneneri Isa, amene ali ndi mutu wakewake m'Kurani. Koma munthu wodziwa za m'nyumba ya mfumu ankaonanso china. Mayi a Akbar ankatchedwa Maryam Makani, ndipo mayi a Jahangir, amene anali mwana wa mfumu yachihindu ya ku Amber, ankatchedwa Maryam uz-Zamani. Mayi woyera ndi mwana wake wodalitsika pa khoma la nyumba yotereyi ankanena za banja la mwini nyumba. Anthu atatu akanatha kuima pamaso pa khoma limodzi, aliyense n'kuweramitsa mutu pa chifukwa chake, n'kutuluka onse okhutira. Ufumu wa anthu a zikhulupiriro zambiri unkafuna zizindikiro zotere, zomwe aliyense angawerenge m'chinenero chake.

Chimodzimodzinso ndi kuwala kozungulira mutu kuja. Amisiri a Jahangir anakuona pa mitu ya oyera mtima m'zithunzi zodinda za ku Ulaya. Koma ku India komweko, zaka mazana ambiri m'mbuyomo, osema miyala ankaika kale mkombero wotere kumbuyo kwa mutu wa Buddha. Ndipo Abu'l Fazl, mlembi wa Akbar, anali ataphunzitsa kale, potsatira maganizo akale a ku Persia, kuti ufumu ndi kuwala kochokera kwa Mulungu kotsikira pa mfumu popanda mkhalapakati. Jahangir yemwe polowa ufumu anadzitcha Nur al-Din, kuwala kwa chipembedzo. Chiphunzitso chinalipo kale, chinkangosowa maonekedwe, ndipo ansembe anabweretsa maonekedwewo osadziwa kuti akubweretsera ndani.

Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Pano mwambiwu sukugwira. Ife amene zithunzi za ku Ulaya zinatifika pamodzi ndi ulamuliro wa ku Ulaya timafulumira kuganiza kuti wotengera chithunzi cha mzungu ndiye kuti wagonja kwa mzunguyo. Jahangir sankaopa Ulaya m'pang'ono pomwe. Pamene kazembe wa James, Sir Thomas Roe, anafika kumapeto kwa 1615 kudzapempha chilolezo chochita malonda, anakhala mpaka 1619 akudandaula kuti mphatso zake n'zochepa pamaso pa chuma cha mfumuyi. M'buku la moyo wake, momwe analembamo ngakhale za mbalame ndi zipatso, Jahangir sanamutchule n'komwe. Roe mwini wake anasimba kuti tsiku lina mfumu inatenga kachithunzi kake ka ku England n'kukapereka kwa mmisiri wake, kenako inamuyalira kachithunziko pamodzi ndi tokopera kuti aloze kake, ndipo pa kuwala kwa makandulo anavutika kukazindikira. Amisiriwa luso lokopera anali nalo kuyambira ubwana. Ku Ashmolean Museum ku Oxford kuli chithunzi cha Yohane Woyera chomwe Abu'l Hasan anakopera kwa Albrecht Dürer cha m'ma 1600, ali ndi zaka pafupifupi 12. Anthu otere akatenga mngelo wa ku Ulaya, ankamutenga ngati wantchito, kuti azinyamula chipewa chaufumu kapena mivi ya mfumu yawo. Ndipo njirayo sinali yopita kumodzi: cha m'ma 1650, Rembrandt ali ku Amsterdam anakhala pansi n'kukopera zithunzi za a Mughal, ndipo zoposa 20 mwa zomwe anakoperazo zilipobe.

Mpaka apa nkhaniyi ndi yokoma, ndipo ambiri amaimaliza pomwepa, n'kuyamikira mafumu a mtima wolandira zachilendo. Ine chimene chimandigwira n'china. Ndikaika pamodzi zithunzi zomwe zizindikiro zobwerekazi zachuluka kwambiri, ndimapeza kuti pafupifupi chilichonse chikunena za chinthu chomwe Jahangir anachilephera. Pojambula mfumu ikusaka nyama kapena ikulandira ana ake, amisiri sankasowa angelo ambiri. Angelo, mipira ya dziko lapansi ndi magalasi a mchenga ankaunjikana pamene panali bala.

Taonaninso galasi lija. Ku Ulaya linali chikumbutso cha imfa. Bichitr analisandutsa mpando, kutanthauza kuti mfumu yake ili pamwamba pa nthawi. Koma mchenga ukutsikabe pansi pa munthu wa zaka zoyandikira 50, amene thupi lake linali litatha ndi mowa komanso mankhwala a opiyamu. Iye mwini analemba mosabisa kuti pa nthawi ina ankamwa zikho 20 za mowa waukali pa tsiku, ndipo manja ankanjenjemera mpaka ena ankachita kumugwirira chikho. Tiangelo tolemba za zaka 1,000 tikulemba pa galasi lomwe likutitsutsa. Kutembenukira kwa shehe nakonso kuli ndi mbiri yake. Akbar anakhala nthawi yaitali wopanda mwana wamwamuna wolowa m'malo, mpaka anapita kwa Shehe Salim Chishti ku Sikri, ndipo mwana atabadwa mu 1569 anamutcha Salim. Mwana ameneyo ndiye Jahangir. Pofulatira mafumu n'kuyang'ana munthu wa Mulungu, akubwerera kwa anthu amene anamupempherera kuti abadwe, tsopano mchenga utayamba kuchepa. Sindikhulupirira kuti Bichitr ankanyoza mbuye wake. Koma chizindikiro chobwereka sichisiya katundu wake yense pakhomo, ndipo galasi la mchenga linalowa ndi imfa yake.

Ku Freer Gallery komweko kuli china chomwe Abu'l Hasan uja anajambula atakula, cha m'ma 1618. Jahangir wakumbatira Shah Abbas, mfumu ya Persia, onse ataima pa mpira wa dziko lapansi wokhala ndi mapu otengera ku Ulaya. Pansi pa mapazi a Jahangir pagona mkango, pansi pa Shah Abbas pagona nkhosa. Mkhristu akaona zimenezi amakumbukira ulosi wa Yesaya wa nyama zolusa ndi zoweta zokhalira pamodzi, ndipo tsamba loyamba la Baibulo la Plantin lija linali ndi chithunzi cha nyama zotere. Wowerenga ndakatulo za ku Persia amakumbukira mfumu yachilungamo, ngati Solomo, yomwe mu ulamuliro wake chilombo ndi chiweto zimamwera pa dziwe limodzi. Shah Jahan, mwana wa Jahangir, anadzaonjezera pa ganizo lomweli poika kumbuyo kwa mpando wake ku Delhi chithunzi cha miyala cha ku Italy, choonetsa Orpheus wa nthano za Agiriki akuimbira nyama zofatsa.

Mtendere wa pa chithunzichi ndi wa mbali imodzi. Jahangir ndi wamtali, wodzaza ndi mikanda yamtengo wapatali. Shah Abbas ndi wamfupi, mawondo opindika, ngati mwana wolandira chikhululuko. Mkango wadzitambasula mpaka kulowa m'dziko la Persia, nkhosa ija n'kukankhidwira chakunyanja ya Mediterranean. Mafumu awiriwa sanaonanepo maso ndi maso. Mawu olembedwa pa chithunzicho amati zinachokera ku maloto a Jahangir. M'makalata ankatchulana kuti m'bale, koma pakati pawo panali mzinda wa Qandahar, womwe aliyense ankaufuna. Mu 1622 nkhosa ija inabwera ndi asilikali n'kuulanda.

Chithunzi chomwe chimandikhalitsa pansi kuposa zonse chili ku Chester Beatty Library ku Dublin, ndipo nachonso n'cha Abu'l Hasan, cha m'ma 1616. Jahangir waima pa mpira wa dziko, wakoka uta. Mpirawo wakhala pa nkhunzi ya ng'ombe, nkhunziyo yaima pa chinsomba chachikulu. Umu ndi momwe mabuku akale a Asilamu ankafotokozera maziko a dziko lapansi, koma Mhindu poona nsombayo akanakumbukiranso Matsya, mulungu Vishnu wobwera ngati nsomba kudzapulumutsa munthu ku chigumula. M'mitambo mukutuluka tiangelo tija, tsopano tikupereka zida. Kuchokera pa mpirawo pamangidwa unyolo wa mabelu wokhala ndi sikelo. Unyolo umenewu unalipodi: Jahangir atangolowa ufumu anaukoleka pa linga la ku Agra, wagolide, wa mabelu 60, kuti aliyense woponderezedwa aziugwedeza mfumu imve. Pa chithunzipa, mbali ina ya unyolowo yamangidwa ku mkondo wozikidwa choimirira. Pa nsonga ya mkondowo pali mutu wa munthu wakuda, wodulidwa, ndipo ndiwo mfumu ikulasa. Pamwamba pa mutuwo patera kadzidzi. Apa mmisiri sanabwereke kwa Agiriki, amene ankati kadzidzi ndi mbalame ya nzeru. Kadzidzi wake ndi wa mdima ndi tsoka, yemwe ifenso timamudziwa.

Mutuwo ndi wa Malik Ambar. Anabadwa ku Ethiopia mu 1548, anagulitsidwa ukapolo ali mnyamata, anadutsa m'manja mwa amalonda mpaka ku Baghdad, kenako anafika ku Deccan, chakummwera kwa ufumu wa a Mughal, komwe mafumu ankagula anyamata a ku Africa kuti akhale asilikali. Mbuye wake atamwalira anakhala mfulu, anasonkhanitsa gulu lake la nkhondo, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 ndiye anali wolamulira weniweni wa ufumu wa Ahmadnagar. Sankalimbana ndi a Mughal pa bwalo loyera. Ankagwiritsa ntchito okwera pamahatchi achi Maratha, othamanga, kudula njira za chakudya, kukantha n'kuzimiririka. Akapanikizidwa ankavomera pangano, adani akatembenuka n'kutenganso zomwe anapereka. Anamanga mzinda wa Khadki, womwe pambuyo pake unadzatchedwa Aurangabad, n'kuukokera madzi m'ngalande. Jahangir ankamuda kwambiri, ndipo m'buku lake amamutukwana mobwerezabwereza, mpaka kunyoza khungu lake.

Pamene Abu'l Hasan ankapaka utoto mutu wodulidwawo, mwini mutu anali moyo, akulamulira. Ndiye chifukwa chake pa pepalali pakufunika zonsezi nthawi imodzi. Asilikali atalephera, anaitana nsomba ya Ahindu, ng'ombe ya mabuku a Asilamu, angelo a Akhristu, sikelo ya chilungamo ndi mapu a azungu, kuti zonse zichitire umboni kuti kumwamba ndi pansi zili mbali ya mfumu, ndipo wotsutsana nayo ndi wa mdima. Luso lake ndi lalikulu, sindingakane. Ndimachita nalo kaso uku mtima ukundiwawa, chifukwa kukumana kwa miyambo komwe timakuyamikira m'zithunzi zina kuja, pano kwagwirizana pa ntchito imodzi yonyazitsa munthu amene anachoka mu ukapolo n'kuimitsa ufumu waukulu kwa zaka zoposa 20. Mkango ndi nkhosa zikhoza kugona pamodzi pa mpira wa dziko, malinga ngati pali mutu wa wina pa mkondo.

Wina anganene kuti ndikuweruza zithunzi za zaka 400 zapitazo ndi maso a lero, ndipo mafumu onse a nthawiyo ankadzitamandira chotere. N'zoona. Komanso zithunzizi sizinali zopachika pamsika kuti zinamize anthu wamba. Zinkasungidwa m'mabuku, kuonedwa ndi mfumu ndi anthu ochepa a pafupi nayo. Koma zimenezo zikungoonjezera chisoni changa. Munthu amene ankadzitama kuti akhoza kuyang'ana nkhope imodzi n'kudziwa mmisiri amene anajambula maso ndi amene anajambula nsidze, munthu wa diso lakuthwa chotero, ankakhala pansi n'kumayang'ana mdani wake wamoyo atamudula mutu pa pepala. Ankadziwa bwino lomwe kuti si zoona.

Mu 1624 Malik Ambar anagonjetsa asilikali a Mughal ndi a ufumu wa Bijapur pamodzi pa nkhondo ya ku Bhatvadi. Anamwalira mu 1626 ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 78, mutu wake uli pakhosi pake, ndipo manda ake ali ku Khuldabad. Jahangir anamwalira chaka chotsatira. Mu'tamad Khan, mlembi amene ankathandiza kulemba buku la moyo wa Jahangir mfumuyo itafooka, ndiye analemba za imfa ya Ambar, ndipo anavomereza kuti pa nkhondo, pa utsogoleri ndi pa kayendetsedwe ka dziko, munthuyu analibe wofanana naye.